Mwana wa Asisi Kumsana Kwanga

Chitenje chake chinali cha maluwa achikasu, chosuluka pakati pomwe pankakhala matako a mwana. Mfundo yake inkandikhala apa, pansi pa khosi, ndipo chisanu chonse chija khungu linali lonyuka pamenepo. Ndinali mu giredi faifi. Mwanayo anali wa asisi, asanayambe n'kukwawa komwe.

Asisi analemba giredi twelofu ali kale ndi pakati, ndipo masamu anawagwetsa. Anapeza eyiti. Ku koleji ya unesi ankafuna sikisi kapena kucheperapo, poti pa mayeso amenewa nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Ndiye analembetsa kuti abwereze masamu okhawo mu Ogasiti. Amalume, amene ankatiyang'anira chimwalirireni atate, ananena kamodzi kokha, akupopa njinga: "Akagwa futi, ayende kwa bambo wa mwana. Akumuyembekeza kumeneko." Munthu uja tonse tinkamudziwa. Asisi akamva dzina lake ankasiya kudya.

Amayi ankagwira ntchito pamunda wa ndiwo zamasamba ku Palabana, kuchoka mmawa, kubwera dzuwa litapendeka. Aphunzitsi ena opuma ntchito ankabwera masana ndi mapepala a mayeso akale, kukhala ndi asisi pakhonde. Vuto linali mwana. Ankanunkhiza mayi wake ngakhale kuseri kwa nyumba, ndipo akangolira, asisi cholembera pansi. Aphunzitsi ankagogoda tebulo. "Iwe, mu holo mulibe mwana. Yambira pano kuzolowera."

Choncho ine ndinasiya kupita kusukulu. "Sukulu siithawa, uzapita akasiliza," anatero amayi. Sindinabwererenso, koma si nkhani imeneyo ndikunena lero, ndipo amayi sindiwaimba mlandu. Akanatani?

Ntchito yanga inali kupita naye kutali, kumene kulira sikungafike pakhonde. Ndinkatsika mpaka kudambo. Udzu wouma unkandicheka miyendo, mphepo inkadzaza fumbi m'mano, mwana akuyamwa phewa langa mpaka diresi kunyowa. Phala ankalavula. Madzi a shuga ankalavula. Ankangofuna bere basi. Ndinkayimba nyimbo zonse za kutchalitchi zimene ndinkadziwa, n'kuyambiranso, maso ali pa mthunzi wa mtengo kuti ufike pachulu, poti pamenepo ndiye aphunzitsi ankakhala atapita.

Mayeso atayandikira tinakagona kwa amalume ku boma la Chongwe. Mmawa wa pepala lomaliza, ndikumuika kumbuyo, ndinamva ngati andiika mbaula pamsana. Amayi anamugwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja, n'kundiyang'ana.

"Usakambe. Wamvera? Usakambe kwa mkulu wako."

Anamuveka juzi ziwiri ndi chipewa, ati kuli mphepo. Mwana wotentha, juzi ziwiri! Koma amayi ankabisa, sankachiritsa.

Pageti ya sukulu yolembera, asisi anakhala pamwala n'kumuyamwitsa. Ine ndinayang'ana pansi, kuopa kuti nkhope yanga iwauza. Anamuyamwitsa nthawi yaitali, belu likulira, anzawo akulowa ndi marula ndi mapensulo m'mapepala a pulasitiki. Kenako anandipatsa, n'kundimangira okha chitenje, molimba kuposa masiku onse. Analowa pageti. Ndinati tawapusitsa.

Amayi anathamangira kuchipatala kukagwira malo pamzere. "Khala pamene apa, nizabwera kukutenga."

Sipanapite nthawi mwana anayamba. Si kulira kuja kwa kudambo ayi. Kunali kuthwa, kodukaduka, ngati mpweya ukumuthera pakati. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake. "Iwe kamtsikana, choka naye apa, anthu alemba!"

Ndinachoka. Koma kumsewu waukulu ndinkaopa malole, ndiye ndinatsata mpanda wa waya, kuzungulira kumbuyo. Sindinadziwe kuti mpandawo ukudutsa pansi pa mazenera a holo. Ndinangoona mitu, mizere mizere, yonse yowerama. Zenera limodzi linalibe galasi. Ndipo apo, pafupi kwambiri, mpango wa asisi.

Mwana anakuwa. Mitu ina inatembenuka. Mphunzitsi woyang'anira anabwera pazenera, akundithamangitsa ndi dzanja. Ine ndinangoima pomwepo. Ndinkafuna asisi atembenuke, ndinkafunanso asatembenuke, zonse ziwiri pamodzi. Akadzuka n'kutuluka, pepala latha, amalume apopa njinga kukawasiya kwa munthu uja. Akapanda kudzuka, mwana uyu andifera kumbuyo ine.

Sanatembenuke. Khosi lili gwa, dzanja likuyenda papepala, likuyenda, likuyenda.

Ndinakwiya. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndinakwiya mpaka kulira. Ndinathamanga, chitenje chikunditsamwitsa, malole ndinaiwala, mpaka ndinakumana ndi amayi panjira. Kuchipatala anamuvula juzi zija, namwino akuwakalipira amayi, anati ndi malungo ndipo tafika bwino. Anamubaya jekeseni. Anagona.

Asisi anatipeza pabenchi masana. Sanafunse kuti chachitika n'chiyani, sanafunse chifukwa chake tili kuchipatala. Anamutenga n'kuyamba kumasula mabatani. Bulauzi yawo yoyera inali yonyowa kutsogolo, mbali zonse ziwiri, mpaka m'chiuno. Ndinadabwa kuti munthu angatuluke thukuta chonchi kunja kukuzizira.

"Simunamve?" ndinawafunsa, ndikadali ndi mkwiyo. "Tinali pawindo."

"Ninali kulemba," anatero.

Zotsatira zitabwera anapeza faifi. Amalume sanatchulenso za munthu uja. Lero asisi ndi namwino, ndipo mwana uja ndi mnyamata wondiposa msinkhu. Ine ndinasunga kamkwiyo kaja zaka zambiri, ndikuti asisi ali ndi mtima wouma, kapena makutu awo anatsekeka ndi masamu.

Mwana wanga ali ndi miyezi inayi. Sabata yatha anatentha thupi, ndipo ndinadziwa asanalire n'komwe, kungomva kamwa lake pabere. Dzana ndili kuchigayo, iye ali ndi apongozi kutsidya kwa msewu, analira kamodzi kokha, ndipo ndisanatembenuke n'komwe bulauzi inali itanyowa.

Pabenchi paja sindinkadziwa kuti mkaka umatuluka wokha mayi akamva mwana wake akulira.