Chiponde cha Chabe

Ndinaganiza zopita ku Lusaka tsiku limene mbuzi ya apongozi inandidyera malaya. Anali malaya anga okhawo otchalitchira, ndinawayanika pa mpanda, ndipo potuluka kubafa ndinapeza kwatsala kolala ndi mkono umodzi. Apongozi anga sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho mawu onse okhudza ine amauza mbuzi. Tsikulo anaiyang'ana ikutafuna batani n'kunena kuti, "Idya mwanawe, iwe ndiwe wa pakhomo pano." Ndinamva. Kwathu ndi ku Dowa, kuno kufupi ndi Kachebere ndinabwera kudzakwatira, ndipo zaka zisanu zinali zitatha ndilibe ngakhale nkhuku yoti ndiloze kuti iyi ndi yanga.

Mkazi wanga Nambewe ndinamupeza akusinja mtedza kuseri kwa nyumba. Ankapanga chiponde n'kumakagulitsa ku boda ya Mchinji kwa madalaivala a mathiraki. Ankachithira m'mabotolo akale a mayonezi, ndipo pakhosi pa botolo lililonse ankamangapo kansalu kofiira kong'amba ku chitenje. Ine bizinesi imeneyi ndinkaiona ngati masanje. Ndinamuuza kuti ndikupita ku Zambia, ndipo ndikadzabwera udzu wa padengawu tidzaupatsa mbuzi yomweyo, ife tizidzagona m'malata. Sanasiye kusinja. Anangoti, "Mupite bwino, bambo a Tadala. Malaya mubwereka kwa ndani?"

Ku Lusaka miyezi yoyamba ndinkanyamula katundu wa anthu pamsika, mpaka tsiku lina ndinanyamulira mapepala bambo wina wonenepa dzina lake a Mulenga, amene anali ndi kashopu kosindikiza ku Kamwala. Anandilemba ntchito chifukwa sindinagwetse katoni m'matope. Ntchito yanga inali kudula mapepala, kupinda, kumanga m'mitolo, ndi kumvera ulaliki wa a Mulenga. Munthu ameneyu akanakhala m'busa akanadzaza tchalitchi. Kasitomala akalowa kudzangofunsa mtengo, ankatuluka ataitanitsa kalendala.

"Manje iwe mu Malawi, mvera," ankatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Munthu akagula chinthu chako, iwe usala pa shopu, pepala iyenda naye ku nyumba. Ikamba na mukazi wake, ikamba na alendo. Iwe uli gone, yeve isebenza."

Ankatanthauza kuti pepala limakugwirira ntchito iwe uli m'tulo, ndipo sankanama. Ndinaona ndi maso anga wometa tsitsi wina amene ankangogona pabenchi kudikira anthu, titamusindikizira timapepala togawa m'misewu anagula mpando wachiwiri. Mayi wina wophika mabanzi tinamupangira masitika a mtundu umodzi ndi chikwangwani chake, anthu anayamba kumazindikira mabanzi akewo ali patali. A Mulenga ankati chinsinsi n'chimodzi: dzina lomwelo, mtundu womwewo, paliponse, mpaka diso la munthu lizolowere. Ndinazimeza zonsezi. Patatha chaka ndinkayenda m'tauni ndikudzudzula zikwangwani za eni ake ngati ndine ndinayambitsa zilembo.

Koma za kusungulumwa ndisabise. Ndinkagona m'kachipinda ku Chawama, ndipo Lamlungu likafika ndinkasowa woyankhula naye. Ndinkatenga makhadi a ukwati olakwika amene tataya kushopu, n'kumawerenga maina a anthu osawadziwa, kumaganiza kuti kaya akukhala bwanji m'banjamo. Ndinkamusowa Nambewe mpaka pamtima kuwawa. Koma pa foni sindinkanena zimenezo. Ndinkavala jekete ya a Mulenga iwo akapita ku banki, n'kujambulitsa nditatsamira makina ngati mwini wake, chithunzicho n'kutumiza kumudzi. Ndalama ndinkatumiza mwa apo ndi apo, chifukwa lendi ndi mimba zinkadya kaye. Nambewe ankayankha mwachidule. "Taona jekete. Denga likudontha." Chaka chotsatira chimodzimodzi: "Tadala wayamba sukulu. Denga likudontha."

Lilime langa nalonso linasintha osadziwa. Ku Lusaka mawu akuti chabe ali pakamwa pa aliyense. Ukafunsa munthu kuti ali bwanji amati ali bwino chabe, ukafuna tomato mmodzi umati umodzi chabe, ndipo palibe amene amamva chipongwe. Ine ndinayamba kuchabechabe m'mawa mpaka madzulo. Lero ndikamalemba izi ndili pakhonde ndi mtolo wa masitika pamwendo, ndipo mawu amenewa akundiyang'ana m'zilembo zazikulu. Zimenezo ndifotokoza kutsogoloku.

Chaka chachinayi kunabwera uthenga wosiyana ndi ena onse. "Mukapanda kubwera mvula isanayambe, musabwerenso. Njira ya ku Dowa mukuidziwa." Ndinauwerenga kasanu. Nambewe sachita nthabwala ndi mawu otere. Ndinali nditasungako kandalama kokwanira malata a mbali imodzi ya denga, ndipo munthu wanzeru akanagula malatawo n'kukwera basi. Ine ndinakhala pansi n'kuganiza ngati a Mulenga. Malata akakhomedwa akhomedwa, sabereka. Koma chiponde cha Nambewe chikapeza dzina ndi nkhope, chidzagula denga lonse, ndipo apongozi adzauza mbuzi yawo kuti mkamwini uja ali ndi mutu.

Chizindikirocho ndinachikonza ndekha pa kompyuta, a Mulenga ataima kumbuyo kwanga. Pansi ndinaika mtundu wofiirira ngati chiponde chenichenicho. Pamwamba zilembo zoyera zikuluzikulu: CHIPONDE CHA. Kenako dzina la Nambewe, limene ndinafuna kulilemekeza, ndinalilemba ndi zilembo zopotanapotana zagolide. M'munsi mwake, kuti madalaivala a ku Zambia amve, ndinaika mawu awo a mtedza, nshawa, agolidenso, ang'onoang'ono. A Mulenga anati anthu amaopa chiponde chosakaniza ndi ufa, ndiye mawu otsimikiza kuti mulibe china chilichonse akule. Ndinawakulitsa, oyera mbee: CHABE. Pansi penipeni nambala ya foni ya Nambewe. Tinasindikiza masitika katoni yodzaza, timapepala togawa, makalendala, ndi chikwangwani cha nsalu chotalika ngati chitseko. Ndalama ya malata inathera pamenepo, yotsala inali ya basi.

Pa boda ya Mchinji wa kasitomu anatsegula katoniyo, anatenga sitika imodzi, anaitalikitsa ndi dzanja, n'kuyamba kuseka mpaka kuitana mnzake. Ine ndinati akusirira ntchito ya ku Lusaka. Ndinawapatsa kalendala aliyense.

Kunyumba ndinapeza Tadala atatalika, akundiyang'ana ngati wogula mbewu. Udzu padenga unali womwewo. Apongozi anayang'ana katoni, anayang'ana mbuzi, yomwe tsopano inali mdzukulu wa yodya malaya ija, n'kuiuza kuti, "Malata a masiku ano akumabwera opinda." Nambewe anatenga sitika n'kuiyandikitsa kumaso. Pafupi chonchi dzina lake linkawala bwino, ndipo ndinaona kuti lamukhudza pang'ono, ngakhale sanafune kuonetsa.

"Nanga chabe ameneyu wadzatani apa?" anafunsa.

"Ndi chiyankhulo cha malonda, amake Tadala. Zimenezi ndisiyireni ine."

Ndinamata mabotolo onse, ndikudzitama kuti guluu wa a Mulenga samatuka ngakhale botolo ligwere m'madzi. Tinsalu tofiira tija ndinatimasula n'kutitaya, ndinati n'zachimidzi. Nambewe anatitola mwakachetechete n'kutiika m'thumba.

Loweruka tinapita ku boda m'mamawa. Ndinamanga chikwangwani pa mitengo iwiri pamwamba pa tebulo lake, n'kuwoloka msewu kuti ndikaone ntchito yanga monga aionera dalaivala ali m'thiraki. Dzuwa linali litangotuluka bwino. Golide uja anamira mu mtundu wofiirira, dzina la Nambewe linasowa, nshawa inasowa. Chinatsala ndi zilembo zoyera zokhazokha, zooneka mpaka ku Mwami, tsidya la Zambia: CHIPONDE CHA CHABE. Ndipo pansi pake panali pataima mkazi wanga, atavala chitenje chake chatsopano.

Apa m'pamene Chichewa changa chinabwerera m'mutu, koma mochedwa. Kuno kwathu chinthu cha chabe ndi chinthu chopanda pake, chotaya kudzala. Osintha ndalama ndiwo anayamba kuseka, kenako amayi a nthochi, kenako aliyense. Wina anafuula kuti, "Koma mayi inu ndinu achilungamo, ena amabisa." Makasitomala ake akale ankadutsa akufunafuna kansalu kofiira, osakaona, n'kukagula kwina. Tsiku lonse tinagulitsa botolo limodzi, kwa dalaivala wa ku Chipata amene analigula akuseka n'kulijambula pa foni.

Pobwerera tinayenda mpaka kudutsa pa chigayo. Kenako Nambewe anaima.

"Zaka zinayi ndakhala ndikudzuka nkhuku zisanalire, kusankha mtedza umodziumodzi kuti pasapezeke wowola, kuti munthu akati chiponde cha Nambewe asachite manyazi. Inu mwachokera ku Lusaka kudzandilemba pa nsalu kuti ndine wachabe."

Sanalire, ndipo zikanakhala bwino akanalira. Madzulo ake chikwama changa ndinachipeza pakhomo, ndipo anandiuza kuti atsibweni ake a Zuze, amene ndi ankhoswe athu, abwera Lamlungu la sabata yamawa. Ndinapatsidwa masiku asanu ndi atatu ogona m'khitchini. Ndinachita mantha enieni. Ndinali ndi zaka makumi anayi, ndipo ndinali pafupi kubwerera ku Dowa ndi katoni ya makalendala.

Lolemba Nambewe anayesa kumatula masitika aja. Guluu wa a Mulenga sanandichititse manyazi, anakana. Mabotolo ena analibe, ndiye anangomanganso tinsalu take tofiira pamwamba pa masitikawo n'kupita ku boda yekha. Ine anandiletsa kumutsatira. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa anthu. Dalaivala wa ku Chipata uja anali atatumiza chithunzi kwa anzake onse a pamsewu, ndipo atalawa anatumizanso uthenga wina wochiyamikira. Mathiraki akaima kudikira mapepala, madalaivala ankatsika n'kumafunsa kuti, "Chili kuti chiponde cha chabe chija?" Poyamba Nambewe ankakwiya. Pofika Lachitatu anali atapeza yankho: ankatunga ndi supuni n'kunena kuti, "Lawani kaye, ndiye mundiuze." Kale dalaivala ankati akauza mnzake za mayi wa kansalu kofiira, mnzakeyo ankaiwala asanafike ku Katete. Dzina ili silinkaiwalika, ndipo botolo linali ndi nambala. Foni inayamba kulira ndili m'khitchini momwemo, ndikumva mkazi wanga akuyankha kuti, "Eya, cha chabe ndi kuno." Lachisanu Che Juma, wa golosale ya pa boma, amene kale ankakana mabotolo opanda chizindikiro, anaitanitsa katoni.

Ndisadzinamize. Pepala langa linkabweretsa munthu kamodzi kokha, kudzaseka. Chimene chinkamubweretsa kachiwiri chinali m'botolomo, ndipo mmenemo ine ndinalibemo dzanja.

Lamlungu a Zuze anabwera pa njinga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, apongozi chapatali ndi mbuzi yawo. Ndinapepesa, ndinati ndilembera a Mulenga asindikize ena okonza, dzina lioneke, chabeyo achoke.

"Musakhudze," anatero Nambewe. "Mwalakwitsa kamodzi zakwana. Mukakonza mundiphera msika."

A Zuze anatsokomola n'kufunsa za malata amene ndinalonjeza pochoka. Ndinavomera kuti sindinagule. Anaseka pang'ono, n'kundiuza kuti kunyumba kwawo kuseri kwa nkhokwe kuli malata okwana denga lonse. Nambewe ankagula limodzilimodzi ndi ndalama ya chiponde, ndipo anakwana kalekale, chaka chachiwiri ine ndili ku Lusaka. Ndinamuyang'ana mkazi wanga.

"Nanga bwanji munkangoti denga likudontha?"

"Chifukwa linkadontha. Malata ndinali nawo, ndinkasowa wokhoma. Mumafuna ndilembe bwanji, ndi zilembo zagolide?"

Zaka zonse zija ndinkawerenga uthengawo ngati akundifunsa ndalama, n'kumachedwa kubwera chifukwa cha manyazi, pamene iye ankangondiitana. Ine amene ndinkadzudzula zikwangwani za anthu mu Lusaka ndinalephera kuwerenga mawu awiri a mkazi wanga.

A Zuze anafunsa funso limene anabwerera: munthuyu akhale kapena azipita? Nambewe anatenga nthawi yake, mwadala, akusenda mtedza m'lichero.

"Zachabe pakhomo pano ndili nazo ziwiri, atsibweni," anatero. "China chili m'botolo, china ndi icho chakhala apocho. Cha m'botolocho anthu achilawa akuti n'chabwino. Chinachi chisiyeni, ndichionenso chaka chino."

Denga tinakhoma mvula isanagwe, ndinadzimenya chala ndi hamala kawiri. Tsopano ntchito yanga ndi kumata masitika, ndipo kansalu kofiira amamanga yekha Nambewe, sandilola. Ku boda dzina langa lenileni palibe amene amalidziwa, onse amati a Chabe, ndipo ndimayankha. Tsiku limene tinamaliza denga, ndikutsika pa makwerero, ndinamva apongozi akuuza mbuzi kuti, "Malaya ali pa mpandawo usadye. Ndi a munthu wa pakhomo pano."