Okala Yachiwiri ya Tsvetan

Tsvetan Gyurov anagwira ntchito pa fakitale ya nsalu m'katauni kawo ka m'mbali mwa mtsinje wa Danube mpaka m'mawa wina pamene anapeza geti lomanga ndi tcheni. Anzake anabalalikira ku Spain ndi ku Germany. Iye anatsala, n'kuyamba kugulitsa tchizi cha mkaka wa nkhosa mumsika. Mkazi wake anapita ku Italy kukasamalira nkhalamba za eni, ndipo anabwerako ali m'bokosi. Panyumba panatsala Tsvetan ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Ralitsa.

Ralitsa atamaliza digiri anabwera kudzathandiza pa okala, koma mtima unali ku sukulu ya zamalonda ya ku Vienna. Kuti amutenge ankayenera kukhoza mayeso enaake ovuta. M'mayesomo amakupatsa maganizo a mwini bizinesi, iwe n'kupeza chinthu chimene mwiniyo wangochiyesa choona osachitchula. Ukachipeza umachichotsa, n'kuona ngati ganizo lonse liimabe.

Makasitomala akasowa, ndipo ankasowa kawirikawiri, Ralitsa ankawerengera bambo ake mafunsowo.

"Ababa, kampani ya mabasi yatsitsa mtengo wa tikiti kuti okwera achuluke. Aphonya pati?"

"Achuluke kuchokera kuti? Kunotu onse anakwera kale, sanabwerere."

"Yankho limenelo palibepo apa."

"Ndiye analemba bukulo sanafike kuno."

Masewerawa anamukomera Tsvetan mpaka anayamba kupeka mafunso akeake, a wophika buledi, a wogulitsa nsomba, Ralitsa n'kumawagumula akuseka. Chimwalirireni mkazi wake, Tsvetan anali asanasekepo chonchi. Koma ankadziwanso kuti funso lililonse limene mwanayo wakhoza likumusendeza kufupi ndi basi ija imene anthu amakwera osabwerera.

Kumuuza kuti usapite, pakamwa pankalemera. Ndiye anapanga pulani. Okala yoyandikana ndi yake inali yotseka chichokereni mwini wake. Tsvetan anapita kwa woyang'anira msika mwakachetechete n'kukatenga kiyi. Masana amenewo anapukuta mpeni wodulira tchizi nthawi yaitali, kiyi ali m'thumba, kenako anayamba monga ankayambira masiku onse.

"Rali, imva ili. Pali munthu wina wogulitsa tchizi. Waona kuti aliyense wogula kwa iye amakagulanso vinyo ndi soseji kwina. Pafupi pali okala yopanda munthu. Akuti akaitenga n'kuikamo vinyo ndi soseji, makasitomala azimalizira zonse pamalo amodzi, banja lake lizidya bwino. Waphonya pati?"

Ralitsa sanadzutse n'komwe maso pa buku.

"Laphweka ili, Ababa. Munthu wanuyo ali ndi manja angati? Akuyesa kuti alipo wina woti aziima mu okala yachiwiriyo. Sanamutchule."

"Mwina ali ndi mwana."

"Mwanayo anamufunsa? Mwina ali ndi zake. Mukangomuchotsa mwanayo, zonse zagwa. Vinyo azigulitsa ndani, mphaka?"

Anaseka. Tsvetan nayenso anaseka pang'ono, dzanja lili m'thumba.

"Komatu mwayamba kuwapanga bwino mafunso. Limeneli likhoza kubwera pa mayeso."

"Wakhoza, mwanawe."

Kunabwera mayi wina wofuna tchizi, ndipo Tsvetan anamudulira chopitirira muyezo osazindikira. Mawa lake anakabweza kiyi. Woyang'anira msika atafunsa chimene chasintha, iye anangoti msana sukumulola.

Tsiku lopita ku Sofia kukalemba mayeso, Tsvetan anatsogola pakhomo ndi kapu ya madzi, n'kuwathira pansi patsogolo pa mwana wake, monga amachitira makolo onse akumeneko kuti wapaulendo zimuyendere ngati madzi. Anathira onse, osasiyamo dontho. Ralitsa anapondapo, anamupsompsona patsaya, n'kuthamangira basi.

Mayesowo anakhoza, ndipo ku Vienna anamutenga.

Tsvetan akadali mumsika muja. Ife ogulitsa anzake timamupeza atatsegula kale, ndipo tchizi chake n'chabwinobe kuposa cha wina aliyense. Ralitsa amaimba foni Lamlungu. Nthawi zina amati, "Ababa, ndipangireni funso," koma Tsvetan amayankha kuti mutu unakalamba, mafunso anamuthera, kenako amafunsa ngati kumeneko akudya mokwanira.