Utsi Unatsikira ku Chikamveka

Ku yunivesite ndinkaphunzira za utsi wa mapiri ophulika, ine wa ku Zomba kumene phiri lathu silinatsokomolepo n'kamodzi komwe. Anzanga ankandiseka, ati ndikudikira moto wa eni ake. Ntchito yanga inali kuuza kompyuta kutentha kwa utsi ndi kumene mphepo ya m'mwamba ikulowera, iyo n'kujambula kumene phulusa likagwere. Ndinkaikhulupirira kuposa anthu, sindibisa.

Chaka chimenecho, mu Okutobala, paini anagwira moto pamwamba pa phiri. Amayi anga ankakhala okha ku Chikamveka, ndipo anali ndi mphumu. Anandiimbira foni masana.

"Iwe, ndithawire ku Malosa kwa mng'ono wanga? Utsi uwu sindikuukonda."

"Dikirani amayi, ndione kaye."

Ndinalowetsa manambala anga. Pa kompyuta, mzere wofiira wosonyeza njira ya utsi unakhotera kuseri kwa phiri, kutali ndi tauni. Ndinawaimbiranso, mapewa ali m'mwamba.

"Khalani, musavutike ndi maminibasi. Sufika kumeneko."

"Koma mwanawe, dzuwa likapendeka mphepo imatsika phiri. Zaka zonsezi ndimaanula zovala zikununkha utsi."

"Aaa, amayi, zimenezo n'zongoganiza."

Ndinatero ine, ndi pakamwa pangapa. Uchitsiru wake! Pulogalamu ya mu kompyutayo anaipangira utsi wotentha koopsa, umene umathamangira kumitambo n'kukakumana ndi mphepo ya kumeneko. Paini sachita zimenezo. Malawi akachepa amangofuka, utsi wake n'kumakwawa pansi. Nkhani ya mphepo yotsika phiri ndinali nditaiwerengapo ndithu, koma pulogalamuyo inalibe poilemba, ndiye ndinangoisiya.

Cha m'ma faifi ndili mu ofesi pa yunivesite, mu Zomba momwemo, maso anayamba kuwawa. Nditasuzumira pawindo, phiri silinkaoneka. Foni ya amayi inkangoitana.

Ndinakwera kabaza, ndikumukalipira wopalasa ngati wayatsa motowo ndi iye. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira bedi, kampope kawo ka mankhwala kali m'manja. Pansi pa chitseko anali atatsekapo ndi chitenje chonyowa. Anandiyang'ana, koma mpweya woti alankhulire analibe.

Kuchipatala anagonako masiku atatu. Sanatulukeko amoyo.

Maliro atatha ndinapita kukalongosola m'nyumba. Pampando panali chikwama chawo chapaulendo. M'katimo munali zitenje ziwiri, buku lawo lachipatala ndi paketi ya shuga yoti akapatse mng'ono wawo. Anali atalongedza kale asanandiimbire.