Dzina la wokhoma zidebe

Pa basi yochoka ku Blanchardstown kupita kuntchito, ndakhala ndikumvetsera buku lakale limene mwana wanga Agnes anandiikira mu foni, poti chimwalirireni amayi ake ndimakhala chete kwambiri. Ndi nkhani ya tambwali wina wa kuno ku Ireland, wobadwira mu umphawi, amene anadzipekera makolo achifumu, nasintha dzina, nakwatira mayi wachuma kuti naye azitchedwa bwana. Wowerengayo ali ndi mawu okoma, ndipo ndimaseka ndekha. Koma tsiku lina ndinazimitsa foni, chifukwa ndinakumbukira malume anga.

Ndili ndi zaka khumi, malume ananditenga kwathu ku Ntcheu kuti ndikaphunzire ku Zomba, kumene anali kalaliki wa boma. Kwathu mwini mbumba ndi malume, choncho bambo sanatsutse. Bambowo anali okhoma zidebe. Manja awo ankanunkha dzimbiri, ndipo phokoso la hamala yawo ndilo linkatidzutsa tambala asanamalize zake. Dzina lawo linali Mkwapatira. Malume anali atasiya kale dzina la kumudzi, n'kudzitcha a Harrison. Kunyumba kwawo tinkadya ndi foloko ngakhale mbatata.

Anandigulira nsapato zoyamba m'moyo wanga, zonunkha polishi, nakandilembetsa sukulu. Sanandiuze kuti andilembetsa ngati mwana wawo. Lolemba m'mawa aphunzitsi anaitana mayina.

"Petro Harrison!"

Ndinacheuka kufuna kuona mwini dzinalo. Anaitananso, maso ali pa ine.

"Iwe wa nsapato zatsopanowe, makutu unasiya ku Ntcheu?"

"Ine ndine Petro Mkwapatira, aphunzitsi."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ndinalandira zikoti zitatu za nsungwi, mawa lake zisanu. Lachitatu anandikumbitsa dzenje la zinyalala, dothi lake louma ngati njerwa, manja anga n'kutuluka matuza. M'kaundula ndinajomba sabata yathunthu ndili pompo, pa benchi yakutsogolo.

Loweruka malume anandikhazika pansi. Sanakalipe. Anati dzina lawo likudziwika ku maofesi, lidzanditsegulira zitseko, pamene la bambo silingatsegule ngakhale khola la nkhuku.

"Sankha, mphwanga. Sukulu ya kuno, kapena kukakhoma zidebe."

Ndinavula nsapato zija, n'kuziika bwinobwino pafupi ndi mapazi awo.

Ndinabwerera kumudzi pa lole ya chimanga. Bambo atamva nkhaniyi sanandiyamikire. Anati ndine chitsiru, kenaka anatembenukira kuchipupa nthawi yaitali, akupukuta m'maso ndi mkono. Ndinataya zaka ziwiri ndisanalowenso m'kalasi, ku sukulu ya mishoni, ndipo ku sekondale sindinafikeko.

Malume sindiwaweruza. Anakula nthawi imene dzina lachizungu linali ngati jekete, ndipo ndimawatchulabe m'mapemphero a akufa. Kunonso ndaona anzathu akudula mayina awo kuti avutike pang'ono, ndipo zifukwa zawo ndimazimvetsa. Zinthu zasintha: lero palibe amene amakwapula mwana chifukwa cha dzina, amangokupempha mwaulemu, akumwetulira. Kunyumba yosamalira okalamba ku Crumlin kumene ndimagwira ntchito, manijala anandifunsa ngati pa baji angangolemba kuti Peter M., kuti agogo a kumeneko asavutike lilime. Ndinamuthokoza, n'kumulembera zilembo zonse khumi papepala. Mayi wina wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu anaphunzira kulitchula m'masiku awiri. Manijalayo akuphunzirabe.