Vesiti ya achimwene

Amayi anali ndi chizolowezi chimene ana awo tinkachiseka. M'mawa uliwonse achimwene akamanyamuka kupita kuntchito, ankawaimitsa pakhomo n'kuwagogoda pachifuwa ndi zala zopinda, monga munthu agogodera chitseko. Akamva kulimba kwa vesiti pansi pa malaya a yunifomu, ankati, "Yenda na Mulungu." Akapanda kuimva, munthu wamkulu wandevu zake ankabwerera m'nyumba kukavala.

Achimwene anali mlonda pa nyumba ina yosungiramo katundu kumafakitale, ndipo ankayenda wapansi kuchokera kwathu ku Kanyama. Kampani yawo inawapatsa ndodo, wezulo ndi vesiti yakuda yokhuthala imene ankati chipolopolo sichiboola. Mfuti sanawapatse. Amayi vesitiyo anaikonda kuposa malipiro amene mwana wawo ankabweretsa. Anailalikira pampopi, anailalikira kwa azimayi anzawo a kumpingo, mpaka mzere wonse wa nyumba zathu unadziwa kuti pali mlonda mmodzi mu Lusaka amene mfuti singamuphe. Bambo anali atamwalira kalekale, ndipo nyumba yonse inkatsamira pa chifuwa chimenecho.

Nyengo yotentha vesiti ija inali chilango. Achimwene ankabwera madzulo msana uli tizilonda tokhatokha, thukuta litawadya m'khwapa.

"Bamama, nikupya sana, vesiti iyi izanipaya," ankadandaula motero.

"Kupya sikupaya muntu," amayi ankayankha. "Vala."

Lamlungu lina masana ndinkaipukuta ndi kansalu konyowa kuseri kwa nyumba, poti kuichapa a kampani ankaletsa. Achimwene anali pampando, akudula zikhadabo. Ndinawaseka kuti iwo ndiye adzatikwirira tonse, popeza imfa anaitsekera kunja. Sanaseke. Anayang'ana kaye ngati amayi ali pafupi.

"Iwe, iyi igwila chabe chipolopolo cha kamfuti kang'ono, kaja kobisa mu thumba," anatero motsitsa mawu. "Mfuti itali ya basoja ni inangu. Chipolopolo chake ni chosongoka, chibwela na mphamvu. Apa chipita monga nyeleti yosokela pa chitenge. Vesiti ya basoja ili na visulo mukati, yatu ilibe."

"Manje muvalila chani?" ndinafunsa.

"Nivalila bamama, kuti bazigona. Osabauza, wamvela?"

Ndinalonjeza. Ndinali ndi mwana kumsana ndi tomato wanga woti ndikagulitse, ndipo nkhaniyo ndinaiponya kumene timaponya zinthu zimene sitingazisinthe.

Achimwene anawawombera dzuwa lili paliwombo, Lachisanu, m'nyengo yomweyo yotentha. Akuba anabwera pagalimoto akutsatira lole ya katundu, mmodzi atanyamula mfuti yaitali ija. Achimwene anathamangira kukatseka geti. Anzawo amati inalira kamodzi kokha.

Thupi anakalisambitsa ndi kuliveka amalume ndi azibambo a kumpingo, kunyumba yachisoni. Amayi anangoona nkhope m'bokosi. Ndiye kumanda, itakwana nthawi ya zolankhula, kunaimirira bwana wa kampani, suti yake yosalala, n'kunena kuti iwo alonda awo onse amawapatsa zodzitetezera. Sananame kwenikweni. Amayi anamva, n'kuwerengera okha mumtima. M'mawa uja anagogoda, vesiti inalipo. Vesiti chipolopolo sichiboola. Ndiye kuti mwana wawo atafika kuntchito anaivula chifukwa cha kutentha.

Poika nkhata sanalire monga alirira amayi. Anakalipa.

"Unavulila chani? Sininakuuze ine? Wosamva iwe!"

Azimayi anawagwira n'kuyambitsa nyimbo kuti mawuwo asamveke, koma ine ndinawamva onse.

Maliro atatha kunabwera mlonda mnzawo wa achimwene, atanyamula thumba la ufa. Anandiitanira pambali. Munali nsapato, kachitini kotengera chakudya, ndi vesiti. Anati apolisi anathana nayo, ndipo kampani inalibe nayo ntchito. Nsapato ndinazipereka kwa amalume pamene ankagawa zovala za malemu kwa abale ochokera kumudzi. Vesiti ndinapita nayo kwanga, mizere ingapo kuchokera kwa amayi, n'kuikankhira kuseri kwa sutikesi. Ndinali nditalonjeza. Komanso ndinkaona kuti mkwiyo ndiwo unkawaimiritsa amayi. Ankadzuka, ankasesa, ankakazinga zitumbuwa zawo, uku akung'ung'udza za mwana wosamva. Ndinkaopa kuti ndikawachotsera mkwiyowo agwa osadzukanso.

Koma zinkandipweteka, ndisabise. Munthu amene anapsa msana zaka zonse zija kuti mayi ake azigona, dzina lake m'nyumba linasanduka "wosamva uja". Chithunzi chake pakhoma anachitembenuza. Ndikapita kukawaona ndinkachitembenuzanso, ndikabweranso n'kupeza chayang'ana kukhoma.

Mvula itagwa n'kusefukira m'Kanyama monga ichitira chaka chilichonse, kampani inatumiza uthenga. Inati pokumbukira malemu, ikhoza kulemba ntchito m'bale wake mmodzi. Tinali ndi mzime wathu, mnyamata wamkulu ndithu, amene ankakankha wilibala ku Kamwala, kunyamulira anthu katundu wogula m'mashopu opikulitsa. Masiku ena ankabwera chimanjamanja. Ntchito ya yunifomu anaifuna ndi mtima wonse, ndipo amayi anavomera.

"Uyu amamvela," anandiuza. "Uyu azavala, sazavula."

Ndinayesa kuzungulira. Ndinati ntchitoyo njoopsa, iwo anati njoopsa kwa osamva. Ndinati adikire ina, mzime anandifunsa ngati ndili nayo m'thumba. Tsiku loti akatenge yunifomu ndinadzuka, ndinasolola thumba lija kuseri kwa sutikesi, n'kudutsa nalo m'matope. Ndinawapeza pakhomo, mzime atavala malaya ake a kutchalitchi, amayi akumukonza kolala.

Sindinapereke ndi moni womwe. Ndinakhutula thumbalo pamkeka. Vesiti inali itachita nkhungu, magazi atauma n'kuda ngati dzimbiri. Ndinaitukula kuti kuwala kwa pakhomo kudutse. Kutsogolo, kumanzere, kunali kabowo kakang'ono, koti ukhoza osakaona. Kumsana kunalinso lina, lokulirapo.

"Iyi ni ya ba brother," ndinatero. "Banali nayo pa thupi. Banaziba kudala kuti mfuti ya basoja ipita, bananiuza. Benze kuvalila imwe."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anailandira n'kuiika pamiyendo monga alandirira khanda. Anaigogoda ndi zala zopinda, inalira monga inkalirira m'mawa uliwonse. Kenaka analowetsa chala cha mkombaphala pakabowo kaja, ndipo chinalowa chonse.

"Anavala," ananena chapansipansi. "Mwana wanga anavala."

Kulira kumene sanalire kumanda kunatuluka pamenepo. Anthu oyandikana nafe anathamangira kudzaona ngati kwagwanso maliro ena. Mzime anaima nthawi yaitali akuyang'ana mabowo awiriwo, kenaka anavula malaya a kutchalitchi, anawapachika pamsomali, n'kupita kukatenga wilibala yake. Anandikwiyira miyezi ingapo, ndipo wilibalayo akuikankhabe mpaka lero.

Zimene ndinkaopa zinachitikadi. Amayi anagona masabata ambiri, zitumbuwa anasiya, ndipo mphamvu zawo zakale sizinabwererenso. Atayambanso kuyenda anandipempha kuti ndiwaperekeze kumanda. Tinakwera minibasi, iwo atafungatira thumba lija. Titafika anagwada m'dothi lonyowa, anazula tiudzu tingapo, n'kugogoda pamtumbira ndi zala zopinda.

"Ni ine, mai wako," anatero. "Nabwela kupepesa."