Bala la M'jombo

Aliyense wonena kuti a Mbaliwali ndi a mtima wapachala ayambe wabwereka thupi lawo tsiku limodzi, kenako adzatsegule kukamwako. Dzinali analitengera kuntchito yawo yowotcherera zitsulo. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, msewu wonse umagonera zitsulo za manja awo. Ndiye tsiku lina akukweza thanki ya madzi, makwerero anaterereka, msana thyo! Kuchokera m'chiuno kutsika mmunsi, zii. Ubaye ndi singano, sakumva.

Koma tamvani nkhanza za thupi. Miyendo yosamva singanoyo ndi yomwe inkayaka mkati ngati aiviika m'mafuta owira. Achibale ankati, "Mwendo wakufa ungawawe bwanji? Akungofuna kumveredwa chisoni." Zitsiru! Woyambitsa nyimboyo anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu amene sanabwerepo ngakhale kudzawatembenuza pabedi. Amene sanathawe ndi akazi awo okha. Kusambitsa ndi iwo, kusintha paipi ya mkodzo ndi iwo, kukweza panjinga ya olumala ndi iwo, matukwano onse n'kumeza ndi iwo.

Bambowa sanakhale n'kumalira. Anadula miyendo ya tebulo lawo la ntchito kuti lifanane ndi njinga, n'kubwerera kushedi, akuwotcherera atakhala, mano atalumana ndi ululu.

Kenako kuchipatala kunayamba kafukufuku wa mankhwala a ululu wa anthu othyoka msana. Adokotala ake sanabise kanthu. Ena alandira mankhwala enieni, ena mapiritsi opanda kanthu, ndipo ngakhale iwo sadziwa kuti ndani wapatsidwa ati. Lamulo linalipo limodzi lolimba: wopezeka ndi bala lotukusira asiya, chifukwa mankhwala a bala sayendera limodzi ndi amenewa.

"Anga ndi enieni," anatero a Mbaliwali patangopita masabata ochepa. "Wotsutsa abwere timenyane." Moto uja unali utazilala. Munthu anayamba kugona, kudya, ngakhale kutukwana makasitomala akuseka.

Tsoka silinunkha, amatero, koma ili linanunkha. Akuwotcherera geti, dontho la chitsulo chosungunuka linagwera m'jombo yakumanzere. Anamaliza geti lonse phazi likupsa. Atamva fungo anayamba kukalipira amakanika oyandikana nawo kuti asiye kuwotcha zinyalala pamphuno pa anthu. Povula jombo ndi pomwe anaona dzenje pamwamba pa phazi.

"Thirani mafuta a mabuleki, achimwene," anatero amakanikawo. "Ifetu zilonda zathu zonse zimaumira pamenepo."

Anathira, namanga ndi sanza, navala sokosi ziwiri. Kunyumba analengeza kuti kuyambira lero mapazi azisamba okha, si mwana iwo. Koma mkazi amene amachapa sokosi zako ungamubisire chiyani?

Tsiku lokaonedwa kuchipatala, anesi anawayang'ana kumsana ndi kumatako ngati kuli zilonda, n'kupeza kuli bwino. Panja mzere unali wautali.

"Nanga mapazi, bambo?"

"Ali bwinobwino. Jombozi n'zovuta kuvula, musadzivutitse."

Anesi anali atatembenuka kale kukatenga botolo la mapiritsi pamene mawu a akazi a Mbaliwali anamveka kumbuyo kwa njinga.

"Avuleni yakumanzere."

"Iwe, wafunsidwa ndi ndani?"

"Avuleni, anesi. Akutentha thupi kuyambira dzana, ndipo m'nyumba simukupumika."

"Ukunama, mfiti iwe! Anesi, mkazi uyu mutu wake sukuyenda."

Jombo itavulidwa, anesi anagwira mphuno n'kuthamangira adokotala. Phazi linali litatupa ngati mpira, lakuda m'mbali, mzere wofiira ukukwera kulowera kubondo.

"Bambo, mukugona konkuno lero," anatero adokotala. "Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zodula mwendo, kapena zoposa pamenepo. Mapiritsi a kafukufuku tiimitsa."

"Dulani!" anakuwa a Mbaliwali, akumenya chitsulo cha njinga. "Mwendo ndimayendera ine? Dulani yonse iwiri, mundipatse botolo langa!"

"Ngakhale titadula, ululuwo sungachoke. Ukuchokera kumsana, osati kuphazi. Tikupatsani mankhwala ena."

"Aja akale? Aja ndi maswiti!"

Botolo linabwezedwa m'kabati iwo akuona, kiyi n'kutembenuzidwa.

Pasanathe sabata moto unabwerera m'miyendo, ndipo wodi yonse inawadziwa a Mbaliwali. Akazi awo atafika ndi beseni ndi thaulo, bambowo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Wabwera kudzaona ntchito ya manja ako? Pita ukauze achimwene ako kuti wandimaliza."

"Kwezani mkono, ndikupukuteni."

"Ukudziwa chimene wandilanda iwe? Unayamba wapsapo wopanda moto?"

"Sindinapsepo. Koma akazi amasiye ndawaonapo ambiri, ndipo sindikufuna kukhala nawo pamzere. Kwezani mkono."

"Sindidzakukhululukira mpaka kufa."

"Chabwino, bambo a ana. Bola kufako kuchedwe."

Anakweza mkono, akutukwanabe.