Tsiku limene Twaibu anajambula ukwati ndi kamera yozima

Ndisanayambe nditchule mboni zanga, chifukwa kuno ku Mangochi munthu ukanena zoona anzako amangoti "wayambatu". Mboni yoyamba ndi Abiti Saidi, amene amagulitsa zitumbuwa pakhomo pa situdiyo imene ndinayambira ntchito. Alipo mpaka lero, mutha kukawafunsa, koma muyambe mwagula. Yachiwiri ndi Twaibu wa kabaza ya njinga yamoto. Iyeyu akamafotokoza nkhaniyi amadzikometsera, koma zina zonse amanena molondola. Mboni yachitatu inali mbuzi ya ku Lungwena imene inaona chiyambi cha mavuto anga ndi maso ake, koma tinaidya masana a tsiku lomwelo.

Ntchito yojambula sindinaifunsire. Ine ndinkafuna kupita ku Joni ngati anzanga onse amene ndinaphunzira nawo, moti mu situdiyo ya Che Bwanali ndinalowamo kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti. Vuto langa kuyambira ubwana ndi lakuti sinditha kukhala malo amodzi. Anandikhazika pampando, kumbuyo kuli nsalu yoyera, koma asanadine batani ndinali nditacheukira njinga yodutsa pamsewu. Anayesanso, ndinali ndikukanda bondo. Chithunzi chimene chinatuluka chili ndi mitu iwiri ndi khutu limodzi. Wallahi, chikadali pakhoma, amaopsezera makasitomala ogwedezeka.

"Iwe sungajambulidwe," anatero Che Bwanali. "Dzuka ugwire nyale iyi. Wondithandiza wathawira ku Joni dzulo."

Kulembedwa kwanga kunali komweko.

Miyezi yoyamba ndinaphunzira kudula zithunzi za ziphaso osadula makutu a eni ake, kuthira inki mu pulinta, kuthamangira kutchaja mabatire magetsi akangoyaka, ndi kukopera zithunzi mu kompyuta ndisanafufute memori khadi. Kenaka anandilola kutsegula kabati.

M'kabatimo munali makamera awiri amene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Joni. Yoyamba inali miralesi, kamera yosintha malenzi. Inali ndi lenzi yaifupi yojambulira gulu la anthu, ndi ina yaitali yokokera zakutali, yoti munthu akupalasa bwato pakati pa Shire iwe n'kuona kuti lero sanamete. Miralesi ilibe kagalasi kamene kamakhala m'kati mwa makamera akale aja, n'chifukwa chake ndi yopepukirako. Koma ukangochotsa lenzi, sensa imakhala poyera, popanda chotchinga. Sensa ndi kambale konyezimira kamene kamalandira kuwala, diso lenileni la kamera.

Yachiwiri inali kompakiti, yolowa m'thumba la malaya, kukula kwake ngati sopo wochapira wodula pakati. Lenzi yake sichoka, ndipo sikoka zakutali. Ukafuna munthu akule pachithunzi, uyende ndi miyendo yako umuyandikire. Koma sensa yake inali yaikulu pafupifupi ngati ya miralesi ija, moti zithunzi ukaziika pamodzi sungadziwe kuti yajambula ndi iti. Komanso ukadina simveka phokoso.

Malamulo a Che Bwanali pa miralesi anali aafupi. "Lenzi uzisinthira m'nyumba. Uzimitse kamera, uilozetse pansi. Fumbi likalowa, upope ndi kampira aka. Osauzira ndi pakamwa."

Ndiye pulinta inayamba kudwala. Anthu ankatuluka obiriwira ngati masamba a chinangwa, ndipo mayi wina anakana chithunzi chake n'kunena kuti ameneyo ndi mkazi mnzake. Che Bwanali anandiitana.

"Kamera imodzi tigulitsa, tigule pulinta. Yotsalayo uzipita nayo iwe kumaukwati. Loweruka kuli ndowa, ukwati wachisilamu, ku Lungwena. Utenge onse awiri, Lolemba udzandiuze yoti itsale. Koma ukabwera wopanda zithunzi usadzandiuze kanthu, ungopitiriza ulendo wako wa ku Joni uja."

Apa n'kuti ku Joniko ndisakukufunanso. Ndinali nditapeza ntchito imodzi yokha padziko imene munthu amalipidwa chifukwa chosakhala pansi, ndipo sindinkafuna kuitaya.

Sabata imeneyo sindinapume. Ndikatseka situdiyo ndinkayenda mpaka pamlatho wa Shire n'kubwerera. Popita ndinkasankha miralesi, pobwera ndinkasankha kompakiti, ndikafika pakhomo n'kuyambanso ulendo kuti ndikatsimikize. Zidendene za nsapato zinatha, mapazi n'kuyamba kuzindikira mtundu wa phula. Abiti Saidi anandigwira mkono tsiku lina.

"Tenga yaikuluyo, mwananga, ukhale pansi. Kasopo kakoko ndani angakupatse nako mkazi?"

Twaibu anati nditenge yaing'ono, chifukwa yaikulu imatha mafuta panjinga.

Mkwati anali Che Yusufu, amene anabwera kuchokera ku Joni kudzangokwatira, Lolemba abwerere pa basi. Mkaziyo amasiyidwa kumudzi, ndiye zithunzi ndi zimene mkwatiyo amafuna kunyamula. Woyendetsa zonse anali anjomba ake, ndiye kuti amalume ake, Che Mdoka, amene analipira theka ku situdiyo. Theka linalo anati adzapereka akaona zithunzi, ndipo Che Bwanali anandiuza poyera kuti malipiro anga ali m'theka limenelo.

Tinanyamuka m'mawa, ine kumbuyo kwa Twaibu, chikwama pamimba. Inali nyengo ya mwera, koma mwera wa tsiku limenelo unali wapadera. Nkhuku zinkayenda chambuyo. Usipa woyanika pathandala unauluka n'kubwerera m'madzi, ndipo Twaibu akulumbira kuti wina anauona ukusambira.

Titafika, Che Mdoka anaona miralesi ili pakhosi panga ndi lenzi yaitali ija. Anayamba kulonjera kamerayo, kenaka ine.

"Sikomo, sikomo! Afika akatswiri. Bweretsani mpando!"

Mpando sindinakhalepo. Ndinajambula amayi akupeta mpunga, ndinajambula mkwati atavala kanzu yoyera ndi mzuli watsopano, zonse zikutuluka bwino. Mumtima ndinati nkhani yatha, Lolemba kasopo kakugulitsidwa.

Kenaka mkwati anati asanapite kumzikiti ajambulitse ndi abale onse kumchenga, pafupi ndi boti la bambo ake. Anthu anafola mzere wautali. Ndi lenzi yaitali ndinkangoona anthu atatu. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinabwereranso, mpaka madzi anandifika m'mawondo, anthu asanakwanirebe. Panafunika lenzi yaifupi. Nyumba inali patali, shehe anali atatumiza kale uthenga kuti akudikira, ndipo ine kudekha sindikudziwa. Ndinafulatira mphepo n'kuchotsa lenzi pomwepo.

Mwera unandizungulira n'kubwerera chakutsogolo. Ndinamva mchenga m'mano. Mbuzi ija inali yomangidwa pamtengo chapafupi, inasiya kutafuna n'kundiyang'ana.

Nditajambula n'kuona pasikirini, pa kanzu yoyera ya mkwati panali madontho akuda, kumwamba kulinso ena. Ndinajambulanso, madontho ali pomwepo. Mchenga unali utakhala pa sensa. Ndinapisa m'chikwama kufuna kampira kopopera, n'kukumbukira kuti kali patebulo ku situdiyo. Ndiye ndinachotsanso lenzi n'kuuzira ndi pakamwa.

Madontho anatha, zoona. M'malo mwake munabwera mtambo. Mkwati ankaoneka ngati waima m'kati mwa uvuni yowambira nsomba. Ndinazimitsa kamera n'kutulutsa kompakiti m'thumba.

"Icho n'chiyani?" anafunsa Che Mdoka.

"Kamera, anjomba."

"Ife tinalipira kamera. Mafoni tili nawo tokha."

"Si foni, anjomba. Sensa yake ndi yaikulu, zithunzi zake..."

"Tandiyang'ana bwino, mwana iwe. Mlongo wanga anabereka mwana wamwamuna mmodzi yekha. Wayenda ulendo wonsewu kuchokera ku Joni kuti adzajambulidwe ndi kabokosi ka machesi?"

Mzere unayamba kuphwasuka. Amayi anabwerera kumiphika akuseka, amuna anayamba kulowera kumzikiti. Ndinaona basi ya ku Joni m'maso mwanga, ine ndili pampando wa kumbuyo.

Twaibu anali atakhala panjinga yake akudya nzimbe. Ndinathamangira komweko, ndinamangirira lenzi yaitali pa miralesi yozimayo n'kumukoleka pakhosi.

"Uziloza anthu, uziwakuwira. Usadine chilichonse."

"Achimwene, ine kujambula sindidziwa."

"Ndi yozima."

"Aa, zimenezo ndiye ndizitha."

Ndinamukokera kwa Che Mdoka. "Anjomba, akatswiri enieni ndi awa. Ine ndimangowayezera kuwala ndi kamakina aka."

Che Mdoka anamuyang'ana Twaibu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugwedeza mutu. "Ndinaona kale kuti iwe ndiwe wonyamula chikwama."

Anthu anabwerera pamzere.

Zimene anachita Twaibu tsiku limenelo sindinaonepo wojambula aliyense akuchita. Anagwada. Anagona chafufumimba mumchenga. Anakwera pamwamba pa boti n'kukuwa kuti aatali apite kumbuyo. Potuluka kumzikiti anauza shehe kuti asunthe pang'ono chakumanzere, ndipo shehe anasuntha. Ine ndinali m'khwapa mwake, kompakiti pamimba, sikirini nditaipendeketsa m'mwamba kuti ndizionamo chowerama. Pa zithunzi za gulu ndinkamamatira kwambiri kuti maso a anthu asaoneke ngati akuyang'ana kwina.

Apa ndi pamene ndinaona chimene kakamerako kamatha. Anthu onse ankaumira nkhope kwa Twaibu ngati asilikali, koma akangocheuka ankamasuka, ndipo ine palibe ankandiwerengera. Ndinalowa pakati pa amuna ovina sikiri, thukuta lawo likundigwera. Ndinaima pakhonde pamene azakhali ankalangiza mkwatibwi, osamveka kuti ndikujambula. Chimene ndinavutika nacho ndi zakutali. Mkwatibwi atatulukira kumapeto kwa mudzi ndi gulu la amayi oimba, miralesi ikanamukoka ndili pomwepo. Ine ndinathamanga kukamuchingamira, n'kuthamanganso kubwerera kuti ndikamudikire pofika. Mudzi umenewo ndinaudutsa kambirimbiri moti agalu anatopa n'kusiya kundiuwa.

Pa chakudya Twaibu anamukhazika pamkeka wa akuluakulu, anamupatsa chiwindi. Ine ndinadya kuseri kwa nyumba, ndipo pa mboni yanga ija ndinapezapo bondo.

Lamulungu ndinakatsukitsa zithunzi pa pulinta ya mnzawo wa Che Bwanali kuseri kwa msika, kuti akwati asatuluke obiriwira. Lolemba ndinamupeza Che Yusufu padepoti, katundu atakwezedwa kale. Anaona zithunzi chimodzichimodzi, mwachangu, mpaka anafika pa china n'kuima. Chinali cha mkazi wake akuseka, atagwira hijabu pakamwa, maso ali kumbali. Ine ndikudziwa kuti ankaseka Twaibu akudzigudubuza mumchenga, koma sindinanene. Zina zonse anaika m'chikwama, chimenecho anaika m'thumba la pachifuwa.

"Ukawathokoze a kameramani aja," anatero. "Ndalama yotsala ija ndikatumiza ndine ndikafika."

Ku situdiyo Che Bwanali anachotsa lenzi n'kuyang'ana sensa pawindo nthawi yaitali.

"Wauzira."

"Ndi mwera, bwana."

"Nanga mafuta ali pa sensawa? Mwera unadya chitumbuwa?"

Anaonanso zithunzi zija mu kompyuta, kenaka anafunsa kuti tigulitse iti. Ndinati yaikulu. Anaitumiza ku Blantyre kukatsukitsa sensa, inagulitsidwa, pulinta inabwera, ntchito inakhala yanga. Sabata yomweyo ndinapita kwa wokonza mawailesi n'kugula kamera yakale yakufa, yolemera ngati nangula, m'kati muli chisa cha mavu. Mavu ndinawasamutsa. Kamerayo ndimaikoleka pakhosi mpaka lero, ndipo palibe anandifunsanso kuti icho n'chiyani.

Achinyamata amene amabwera kudzandifunsa kuti agule iti ndimawayankha chilungamo. Ngati ntchito yako ndi mpira, misonkhano, kapena chilichonse chimene sangakulole kuyandikira, gula miralesi, kampira uzikamangirira m'khosi, ndipo lenzi uzisinthira m'nyumba ngakhale shehe akudikira. Ngati ntchito yako ili pakati pa anthu, kumchenga ndi kufumbi, ndipo miyendo uli nayo, kompakiti ya sensa yaikulu ikukwanira. Koma kasitomala sensa saiona. Umunyamulire chinthu choti aone.

Malipiro anga aja ndinawadikira. Mwera unatha. Mango anayamba kupsa. Ndinayambiranso maulendo a pamlatho. Ndikakumana ndi Che Mdoka pamsika ankangoti, "Joni n'kutali, mwana iwe," n'kufunsa za moyo wa akatswiri. Mvula yoyamba itagwa, Twaibu anaimitsa njinga pakhomo pa situdiyo foni ili m'manja. Che Yusufu anali atafunsa kumudzi nambala ya a kameramani yoti atumizepo ndalama zija, ndipo Lungwena yense anapereka ya Twaibu.

Anandipatsa ndalamazo pamaso pa Abiti Saidi, atachotsapo kale imene anati ndi ya ukatswiri.

"Loweruka usapite kutali," anatero akuliza njinga. "Andiitana ukwati wina ku Katuli. Ndikufuna wonyamula chikwama."